Karinya Yonjenjemera pa 80

Karinya, galimoto yaing'ono yonyamula katundu, imene ankayendetsa Quitéria inali ndi khalidwe lovuta kulimvetsa. M'njira za m'minda, m'mene muli maenje ndi mizu ya mitengo, inkayenda ngati yatsopano. M'tauni ya Ulongwe inkayenda mwaulemu. Koma ikangokwera phula lopita ku Tete, muvi wa liwiro n'kukhudza 80, chiwongolero chinkayamba kunjenjemera m'manja ngati munthu wa malungo. Korona wopachika pa kagalasi ankamenya galasi lakutsogolo, ke, ke, ke. Akatsitsa liwiro kufika pa 70, zonse zii.

Karinyayo siinali yake kwenikweni. Mwini wake anali mlongo wake wamkulu, Baltazar, amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Anaigula kuti izinyamula kachewere wa pakhomo ndi wa anansi kupita naye ku msika wa ku Tete Lachisanu lililonse, ndipo poti pabanja ponse amene anali ndi karata yoyendetsera anali Quitéria yekha, makiyi anagwera iye. Quitéria sanali munthu wolankhulalankhula. Pagulu ankakhala kumapeto kwa mphasa. Koma akakhala pa chiwongolero, mapiri a Angónia akutsalira kumbuyo limodzi limodzi, ankamva kuti mpweya ukumukwanira.

Lamulungu masana Baltazar anaimba foni.

"Ndatopa nayo galimotoyo," anatero. "Pali munthu wa ku Dedza akuifuna. Tikumana naye Loweruka pamalire, pa Kalomwe."

"Mano, ndipatseniko mwezi umodzi," anatero Quitéria, pomutchula monga amatchulira mlongo wamkulu kumeneko.

"Ndakupatsa itatu. Tsiku lina idzakutaya kuphompho, anthu adzati wapha mlongo wake ndi Baltazar. Lachisanu udzanditenge kuno, tidzabwerere limodzi. Ukadzandiuza chimene ikudwala, ndi kuti chatha, ikhala. Apo ayi, ikupita."

Quitéria anayang'ana khasu lake lakale limene linali litatsamira nkhokwe, mpini utayamba kufumbwa.

Sikuti anali atangokhala miyezi itatuyo. Hélder, mekaniko wa ku Ulongwe amene anaphunzira naye limodzi ku Fonte Boa, anali atagona pansi pa karinyayo kangapo. Anasintha zitsulo zolumikiza mtanda wautali wopita ku matayala akumbuyo, anasintha mipira, anamanga chilichonse chomangika. Kenako anati akaiyezetse matayala pa makina ku Tete, poti ku Ulongwe iye analibe makina otero. Quitéria anapita nayo kawiri konse. Ulendo uliwonse, pobwerera karinya inkauluka myaa, 80, 90, osagwedezeka n'komwe. Koma Lachisanu lotsatira, akangodutsa nyumba zomaliza za Ulongwe, ke, ke, ke.

Lolemba anaitenga yopanda katundu kupita nayo pamalo pamene msewu uli wowongoka. Anafuna kuimvetsera yekha, popanda womuuza zochita. Ataifikitsa pa 80 anachotsa giya, injini n'kutsika mawu, galimoto ikuyenda ndi mphamvu yake yokha. Kunjenjemera sikunasinthe. Ndiye si injini, anaganiza. Anabwereza, nthawi ino atagwira mpando wa pambali ndi dzanja limodzi. Mpando unkangogwedezeka pang'ono, koma chiwongolero chinkachita kumuyabwa m'zikhatho. Ndiye chili kutsogolo. Anaima pambali, anathyola kamtengo, n'kukokota dothi lofiira limene linaumira m'kati mwa majanti, zitsulo zimene matayala amavala. Linatuluka lodzaza manja awiri. Anati mwina ndi limeneli. Anayesanso. Ke, ke, ke.

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, funso limodzi likuzungulira m'mutu. Ngati imachoka ku Tete ili bwino, n'kufika pakhomo ili bwino, chimaichitikira n'chiyani pakati pa Lachisanu madzulo ndi Lachisanu linalo? Masiku amenewo siipita kutali. Imangozungulira m'minda, kupita kuchigayo, Lamulungu kutchalitchi. Usiku imagona pansi pa mtengo wa pichesi, pafupi ndi zenera la abambo ake.

Lachitatu anali pamsika wa Ulongwe kudikira matumba opanda kanthu. Wogulitsa anali atapita kukawatenga, ndiye Quitéria anakhala pa njerwa pambali pa msewu. Pafupi ndi nkhope yake panaima shapa, minibasi ya ku Domwe, ikudikira kudzaza. Poti analibe china choyang'ana, anayang'ana tayala lake. M'mphepete mwa janti munali kachitsulo kotuwa, kotalika ngati chala, kopanidwa bwinobwino ngati kanabadwira pomwepo. Anasuzumira tayala lakumbuyo. Kanaliponso, kocheperapo.

Anadzuka n'kuyamba kutsata mzere wa magalimoto ataweramira pansi ngati wataya singano. Galimoto yoyamba inali nato tiwiri. Yachiwiri kamodzi. Yachitatu, yakale yothaitha, inalibe.

"Mana, mwamuna sapezeka pansi pa galimoto!" anakuwa woyendetsa shapa uja. "Tili m'mwamba muno ife!"

Anzake anaseka. Quitéria anamva makutu akutentha, koma sanaweramuke mpaka anafika pa karinya yake. Anazungulira matayala onse anayi, anagwada n'kusuzumira m'kati. Panalibe kachitsulo ngakhale kamodzi. Panali timalo toyera m'mphepete mwa majanti, ndipo pambali pa kalikonse panali tizipsera tatsopano, ngati pamene khoswe waluma sopo.

Matumba aja anawaiwala. Anapita ku ofisina ya Hélder, kumene amakonzera magalimoto, n'kumupeza akudya chimanga chootcha ndi manja akuda bii.

"Yabweranso odwala wathu?" anatero Hélder. "Ine mankhwala andithera, Quitéria. Kwatsala n'kuipempherera."

"Bwera uone."

Hélder anagwada, anapaka chala pa malo oyera aja, n'kusiya kutafuna.

"Shumbo ali kuti?"

"Ndi chiyani chimenecho?"

"Mtovu. Tizitsulo timene amapana ku Tete kuja. Sunaone?"

"Amandiuza kuti ndikadikire panja pamthunzi."

Hélder anakhala pansi n'kudzimenya pachipumi. Anafotokoza kuti palibe tayala lolemera mofanana mbali zonse. Lili ngati njinga imene wamangapo thumba lopendekera kumodzi: ukamakankha sumva kanthu, koma ukatsetsereka nayo phiri imakuvinitsa. Makina aja amazunguza tayala, n'kupeza mbali yopepuka, ndipo munthu amapanapo kamtovu kolemera mokwanira.

"Ine ndimangothamangira pansi, poti umandiuza kuti matayala ayezedwa kale," anatero. "Ndine chitsiru, usauze anthu. Koma tamvera. Kamodzi kamatha kugwa pa bampu. Tiwiri, mwina. Koma tonse, matayala anayi, maulendo awiri? Ndipo taona zipserazi. Awa ndi mano a alikate, chopanira chija timazulira misomali. Pali munthu akuchotsa."

"Achotserenji?"

"Kaya. Ena amasungunula n'kumatira zidebe zodontha. Uli ndi mdani kwanuko?"

Quitéria anapukusa mutu. Anaganiza kanthawi, kenako anati, "Uli nako kakale? Undipanire pa tayala lakutsogolo, poonekera."

"Sikathandiza kanthu popanda makina."

"Sindikufuna kathandize. Ndikufuna ndione amene abwere kudzakatenga."

Lachinayi anadzuka kusanayere bwino, nkhungu ili phaa m'munda wa nyemba. Anafunda chitenje n'kukhala m'khitchini, chitseko atachisiya pang'ono, pamene ankatha kuona karinya yonse. Kunkazizira mpaka mano kuwawa. Ankayembekeza munthu wochokera kumsewu, wonyang'ama, woyang'ana uku ndi uku.

M'malo mwake chinatseguka ndi chitseko cha nyumba yaikulu. Anatuluka a Patrisio, abambo ake, atavala jekete lawo la kutchalitchi pamwamba pa zogonera. A Patrisio anakhala katekisiti zaka zambiri, ndipo chipumireni ntchitoyo anadzipatsa ina: m'mawa uliwonse ankapukuta karinya ndi kansanza, ngakhale ikhale yoyera kale. Anayamba ndi galasi, monga mwa masiku onse. Anapukuta chitseko. Atafika pa tayala lakutsogolo anaima chilili.

Anachita chizindikiro cha mtanda. Analowa m'nyumba mofulumira, n'kutuluka ndi alikate ndi chitini chakale cha mkaka. Anagwada movutikira, bondo limodzi kenako linalo, anakulunga dzanja m'kansanza kaja, n'kuyamba kulimbana ndi kachitsuloko, milomo ikuyenda.

"Ababa."

Alikate anagwa pansi. A Patrisio anayesa kubisa chitini kumbuyo, koma munali madzi, ndipo anawatayikira pa jekete.

"Bwerera m'nyumba, mwanawe. Kukuzizira."

"Mukuchotsa chiyani?"

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapumira m'mwamba n'kumupatsa chitinicho. Pansi pa madzi panali tizitsulo totuwa tambirimbiri, tina tatitali, tina tatifupi.

"Usakhudze ndi dzanja," anatero motsitsa mawu. "Madziwo ndi odalitsidwa. Sindinafune kuti udziwe. Munthu woyenda pamsewu asamayende ndi mantha."

"Mantha a chiyani, ababa?"

"Ine zaka zonsezi ndaphunzitsa anthu kuti zithumwa n'zachabe. Ndipo n'zachabe. Koma mwana ndi mwana." Analoza tayala. "Tsiku lina ndikutsuka matayala ndinapeza kamodzi kobisika m'kati, kumene diso silifika. Nditafufuza ndinapeza tina. Ndinachotsa tonse. Patapita masabata, tabwereranso. Ndinachotsa. Tabwereranso! Munthu ameneyu satopa. Ukudziwa mmene anthu amayankhulira, kuti mkazi akuyendetsa galimoto amuna ali pansi."

Anapisa m'chitini ndi kansanza n'kutulutsa kamodzi. Anakatembenuza kuti Quitéria aone. Panali nambala yodindidwa: 35.

"Zaka zako," ananong'ona. "Anachita kulemba."

Kuseka kunamukwera Quitéria kuchokera m'mimba, koma kunathera pakhosi. Anaona abambo ake, mawondo a buluku atanyowa ndi mame. Anakumbukira kuti miyezi imeneyi Lachisanu lililonse ankakana chakudya mpaka iye atabwerako, amvekere m'mimba simuli bwino.

Anakhala pansi pambali pawo n'kufotokoza zonse monga anamuuzira Hélder, za njinga ndi thumba lopendekera, za makina a ku Tete. A Patrisio anamvetsera mpaka kumapeto.

"Hélder ndi mwana," anatero. "Kanthu kochepa chonchi kangagwedeze galimoto yonyamula matumba makumi awiri? Ndipo ine ndimakwera Lamulungu lililonse, sindinamvepo kunjenjemera kumene mumanenaku."

"Popita kutchalitchi sitifika pa 40. Mawa tipitire limodzi ku Tete."

"Ku Tete kotentha kuja?"

"Mukaone nokha amene amaika."

Lachisanu ananyamuka dzuwa likutuluka, kachewere atadzaza kumbuyo, a Patrisio atakhala mowongoka chipewa chili pamaondo, chitini chili pakati pa mapazi. Atadutsa Ulongwe, Quitéria anaponda pang'onopang'ono. 60. 70. Muvi utafika pa 80, karinya inayamba nyimbo yake.

A Patrisio anagwira chitseko ndi manja awiri. "N'chiyani chimenechi?"

"Ndi chimene ndakhala ndikunena."

"Umayenda chonchi? Mpaka ku Tete?"

"Ndimatsitsa pa 70. Koma pena ndimachedwa, msika sudikira."

Anatsika mapiri, mphepo yozizira n'kusanduka yotentha, milambe n'kuyamba kuoneka m'mbali mwa msewu.

Atatsitsa katundu pamsika anapita kumalo oyezera matayala. Mwini makina, bambo wonenepa wa thaulo paphewa, anawalozera benchi la pamthunzi monga mwa nthawi zonse. Quitéria anapempha mwaulemu kuti abambo ake alowe aone. Bamboyo anakweza mapewa. Anachotsa tayala loyamba, analiika pa makina, n'kutseka chivundikiro. Tayala linazungulira, fuuu, kenako linaima, ndipo pa kagalasi panayaka manambala ofiira. Bamboyo anakoka kabati, anatenga kachitsulo, anakaika m'mphepete mwa janti n'kukamenya ndi nyundo kawiri. Anazunguzanso. Manambala anasanduka ziro.

"Koma mayi, inu mumadya mtovu kodi?" anafunsa. "Kachitatu aka."

A Patrisio anali atasendera pa kabati ija. Inali yogawidwa timagawo, ndipo kagawo kalikonse kanali kodzaza. Anatola kamodzi ndi zala zawo, popanda kansanza, n'kukayandikiza kumaso. 10. Anatola kena. 25. M'kagawo kachitatu munali ta 35 tokhatokha, mwina makumi asanu.

"Manambalawa ndi a chiyani?" anafunsa.

"Kulemera kwake, madala. Magalamu."

A Patrisio anabweza tizitsulo tija m'malo mwake, kalikonse m'kagawo kake. Anatuluka n'kukakhala pa benchi paja, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi. Quitéria anawagulira madzi ozizira. Anamwa.

Baltazar anawadikira pa bomba ya mafuta ku Moatize, chikwama chili paphewa. Anadabwa kuona abambo ake.

"Ababa, mwabwera kudzatsanzikana nayo?"

"Ndabwera kudzaona Tete," anayankha mwachidule.

Anakhala atatu kutsogolo, a Patrisio pakati. Atatuluka m'tauni, malole a malasha atatsalira kumbuyo, Quitéria anaponda. 80. 90. Chiwongolero chinali phee m'manja, ngati chagona tulo.

"Mwaona, mano?"

"Ndaona," anatero Baltazar. "Ndinaonanso ulendo watha, unandiimbira foni ukusangalala. Pobwerera imakhala bwino nthawi zonse. Nanga Lachisanu likubwerali? Ndinati undiuze chimene ikudwala."

"Mtovu wa m'matayala umachoka."

"Umachoka bwanji?"

Quitéria anayang'ana msewu. Yankho linali pakamwa, lalifupi, ndipo likanatha nkhani yonse. Koma phewa la abambo ake linali litagunda lake, ndipo ankalimva kuuma kwake. Baltazar ndi munthu woseka mokweza, wosasunga nkhani. Pofika Lamulungu mpingo wonse ukanadziwa kuti katekisiti amaviika zitsulo za galimoto m'madzi odalitsidwa.

"Umangochoka," anatero.

"Ndiye majanti ndi opindika, kapena pali china chimene simukuchidziwa, iwe ndi Hélder wakoyo. Mtovu suchoka wokha katatu. Basi, mawa pa Kalomwe."

Anayenda mtunda ndithu. Anadutsa amayi ogulitsa masawu m'mabeseni, anadutsa mbuzi zogona pa phula. Quitéria ankamva maso akumuwotcha, ndipo anatsegula zenera kuti mphepo iwaumitse.

A Patrisio anawerama, anatola chitini chija n'kuchiika pamiyendo pa Baltazar.

"Tsegula."

Baltazar anatsegula, anasuzumira, anapisa chala m'madzimo. "Ichi n'chiyani?"

"Mtovu wako. Wonse uli momwemo, sunasowe ngakhale umodzi. Ndimachotsa ndine, ndi alikate, m'mawa mlongo wako asanadzuke. Ndimayesa ndi mankhwala a anthu a kaduka." Mawu awo anali omwe aja ankawerengera kalata ya Paulo kutchalitchi, osakwera, osatsika. "Galimoto ilibe mlandu. Mwanayu alibe mlandu, ndipo wapeza yekha chimene amuna awiri a ma ofisina sanachione. Ukafuna kugulitsa chinthu chowonongeka pakhomo pano, ugulitse ine."

Baltazar anatsegula pakamwa. Anayang'ana chitini, anayang'ana abambo ake, anayang'ana Quitéria. Masaya anayamba kumugwedezeka.

"Seka," anatero a Patrisio. "Seka pano pamsewu, uthere pompano. Tikafika kwathu sindikufuna kumva."

Baltazar anaseka mpaka kutsokomola, mutu uli kunja kwa zenera. Anapukuta misozi ndi mkono wa malaya, anayesa kuyankhula, n'kuyambiranso. A Patrisio anangoyang'ana kutsogolo, koma pakona pa mlomo pawo panagwedezeka pang'ono.

"Ndiye ababa, wa ku Dedza uja akanakugulani?" anatero Baltazar atapeza mpweya. "Akanafunsa mapepala anu."

"Wamaliza?"

"Ndamaliza."

Atafika pokwera pamene foni imagwira, Baltazar anauza Quitéria kuti aime. Anatsika n'kuyenda pang'ono, foni ili kukhutu. Mawu ake ankamveka mwa apo ndi apo: pepani achimwene, ayi, si za mtengo, eni ake akana. Quitéria anatsamiritsa chipumi pa chiwongolero. Chinali chofunda ndi dzuwa.

"Quitéria," anatero a Patrisio chapansipansi.

"Ababa."

"Mawa m'mawa undiperekeze kwa a Pita, oyandikana nafe aja. Utengeko kachewere wabwino, theka la thumba."

"Kuli chiyani kwa a Pita?"

A Patrisio anatembenuza chipewa chawo kawiri.

"Miyezi itatu sindinawapatse moni. Ndimayesa amaika tizitsulo tija ndi iwo."

Baltazar anabwera, anakwera n'kumenyetsa chitseko. "Tiyeni, a shofera," anatero. "Mundifikitse kusanade, ndikufuna ndikaone nyemba."

Quitéria analiza injini, anayang'ana kumbuyo, n'kulowa mumsewu.